Mapanelo a sola ayang'ane kuti, kummawa kapena kumpoto?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Mufakose, mu mzinda wa Harare, ndipo ndalifupikitsa motere: "Mwana wanga wamkazi amene amagwira ntchito ku London watumiza ndalama zoti tiike sola, popeza tatopa ndi kuzimazima kwa magetsi. Mnyamata amene anabwera kudzayeza denga akuti mapanelo ayang'ane kumpoto. Bambo a nyumba yoyandikana nafe akuti ameneyo akutipusitsa, dzuwa limatuluka kummawa ndiye mapanelo ayang'ane komweko. Ndimvere uti? Chinanso, mdzukulu wanga wa giredi 7 anandifunsa kuti bwanji mayi ake ku London akudandaula kutentha mu Juni pamene ife kuno tikunjenjemera. Ndinasowa chomuyankha."

Mayi, mverani mnyamatayo, sakukupusitsani. Mafunso anu awiriwa ali ndi muzu umodzi, moti mukamvetsa la mdzukuluyo, mkangano wa bambo aja utha wokha. Ine ndaphunzitsa jogalafe zaka zambiri, ndipo ndinaona kuti nkhaniyi imalowa msanga m'mutu tikayambira pakhomo, osati pa mapu.

Kumbukirani mwezi wa Juni, cha m'ma 10 koloko m'mawa. Mukafuna kuothera dzuwa, mpando mumauika mbali iti ya nyumba? Pali khoma lina limene limafunda tsiku lonse, pamene amphaka amagona ndiponso pamene zovala zimauma msanga. Ndiye pali lina limene dzuwa silifikako n'komwe miyezi yozizira, pansi pamakhala ponyowa, simenti yake n'kuchita ndere. Khoma lofundalo ndi loyang'ana kumpoto, lozizilalo ndi loyang'ana kummwera. Mwakhala mukudziwa yankho zaka zonsezi, kungoti palibe anakuuzani kuti zimenezi n'zimene ana amaphunzira kusukulu.

Chimene chimachititsa ndi pamalo pamene Harare ili padziko lapansi. Dzikoli n'lobulungira ngati lalanje, ndipo akatswiri analilemba mzere wongoganizira pakati penipeni, ngati lamba m'chiuno, wotchedwa ikweta. Malo aliwonse amayezedwa kuti atalikirana bwanji ndi lambayo, ndipo muyezo wake ndi madigiri, kuyambira 0 pa ikweta mpaka 90 kunsonga za dziko. Harare ili pafupifupi madigiri 18 kummwera kwa ikweta. Blantyre ili pafupifupi 16, Lilongwe 14, kummwera komweko. London ili madigiri 51 ndi theka, koma kumpoto. Ndiye kuti inu ndi mwana wanu muli mbali ziwiri zosiyana za lamba uja, ndipo iye ali kutali kwambiri ndi lambayo kuposa inu.

Tengani lalanje, mulibaye ndi kamtengo kuchokera pamwamba kutulukira pansi. Dziko limazungulira pa kamtengo kotero, kamodzi pa maola 24, ndipo m'pamene pamachokera usana ndi usiku. Koma kamtengoko sikanaime chilili. Kanapendekeka ndi madigiri pafupifupi 23 ndi theka, ndipo kamakhala kopendekekera mbali imodzimodziyo chaka chonse pamene dziko likuyenda ulendo wake wozungulira dzuwa. Zotsatira zake n'zakuti mu Juni mbali ya kumpoto ndi imene imaweramira kudzuwa, ife a kummwera n'kukhala ngati tachita kugadamira kumbuyo. Mu Disembala zimatembenuka, ife n'kuweramirako, a ku London n'kugadama.

Kuweramako kumasintha zinthu ziwiri. Choyamba ndi mmene kuwala kumagwera pansi. Madzulo ano, ngati magetsi azima, tengani tochi muunike khoma molunjika: muona kabwalo kakang'ono kowala kwambiri. Ipendeketseni tochiyo: kuwala komweko kufalikira pamalo aakulu koma kofooka. Dzuwa la mu Juni kuno lili ngati tochi yopendekeka. Chachiwiri ndi kutalika kwa usana. Kuno kusiyana kwake n'kochepa, usana wa mu Juni ndi maola pafupifupi 11, wa mu Disembala ndi 13 ndi mphindi zochepa. Ku London n'kwina. Mu Juni usana umapitirira maola 16, moti mwana wanu amatha kukuimbirani 9 koloko usiku kunja kukuwalabe, koma mu Disembala sufika n'komwe maola 8, amaweruka kuntchito kutada kale.

Ana ambiri, ngakhale akuluakulu, amaganiza kuti kumatentha chifukwa dziko layandikira dzuwa. Kwa ife a kummwera bodza limeneli limaoneka ngati zoona, chifukwa dziko limayandikiradi dzuwa kumayambiriro kwa Januwale, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 147 miliyoni, ndipo limatalikira kumayambiriro kwa Julayi, pa makilomita pafupifupi 152 miliyoni. Koma mdzukulu wanu ali ndi umboni wotsutsira zimenezi pafoni pomwepo. Zikanakhala kuti mtunda ndi umene umalamula, Julayi akanazizira dziko lonse, ndipo mayi ake sakanadandaula kutentha. Kusiyana kwa mtundako n'kochepa kwambiri poyerekeza ndi mphamvu ya kupendekeka kuja.

Tsopano tibwerere padenga panu. Chifukwa cha kupendekeka komweko, malo amene dzuwa limakhala paliwombo masana amasunthasuntha chaka chonse. Cha pa 21 Juni limakhala paliwombo pa mzere wa madigiri 23 ndi theka kumpoto, wotchedwa Tropic of Cancer. Cha pa 21 Disembala limafika pa mzere wofanana nawo kummwera, Tropic of Capricorn. Amene mumakwera basi kupita ku Johannesburg mumaudutsa mzere umenewu mutawoloka kale pa Beitbridge, musanafike ku Polokwane, ndipo m'mbali mwa msewu wa N1 anaikapo chizindikiro. Choncho Zimbabwe yense, monganso Malawi, ali pakati pa mizere iwiriyi, ndipo dzuwa limadutsa paliwombo pathu penipeni kawiri pa chaka. Kuno ku Harare zimachitika cha pakati pa Novembala, pamene likupita kummwera, ndi kumapeto kwa Januwale, pamene likubwerera.

Werengani bwino miyeziyo. Kuyambira Febuluwale mpaka kumayambiriro kwa Novembala, miyezi yoposa 9, dzuwa la masana limakhala kumpoto kwathu. Limapita kummwera kwathu kwa miyezi iwiri ndi theka yokha, ndipo ngakhale pamenepo limangopitirira paliwombo pang'ono chabe, osafika madigiri 6. Koma mu Juni limatsikira kumpoto kwambiri, masana enieni limangokwera madigiri pafupifupi 49 kuchokera pansi, kungopitirira pang'ono theka la ulendo wa kupaliwombo. Panelo loyang'ana kumpoto ndiye limakumana nalo maso ndi maso nthawi yaitali kuposa lina lililonse.

Bambo oyandikana nanu aja musawaseke, akulankhula zimene maso awo amaona. Cholakwika n'chakuti akuganizira dzuwa la m'mamawa, limene ndi lofooka kuposa lonse. Mphamvu yeniyeni ili pakati pa 9 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana. Panelo loyang'ana kummawa limadya bwino m'mawa, koma ikangokwana 1 koloko dzuwa layamba kulidutsa kumsana. Komanso si chaka chonse pamene dzuwa limatulukira kummawa kwenikweni. Limatero cha pa 21 Malichi ndi pa 23 Seputembala pokha. Mu Juni limatulukira chakumpoto kwa kummawa, mu Disembala chakummwera kwake. Aimirire pakhonde pawo aone nyumba kapena mtengo umene dzuwa likutulukira mwezi uno, adzaonenso pakatha miyezi itatu, adzavomereza okha.

Nyumba zathu zambiri za m'malokeshoni sizinamangidwe ndi maganizo a sola, ndiye zimachitika kuti denga lili ndi mbali ya kummawa ndi ya kumadzulo basi. Zikatero si kuti zalephereka. Mapanelo akhoza kugawidwa mbali ziwirizo, magetsi n'kuchepako pang'ono, kapena amisiri n'kupanga chimango chachitsulo choloza kumpoto. Mbali yokhayo imene ndingakukanizeni ndi ya kummwera. Kupendekeka kwa panelo kukhale kofanana ndi madigiri a malo anu, ndiye kuno ndi cha m'ma 18 mpaka 20, ndipo madenga ambiri a malata kapena asibesitosi sali kutali ndi pamenepo. Asaligoneke chafulati, chifukwa fumbi limakhazikika ndipo mvula imalephera kulitsuka.

Chenjezo limodzi lokhudza mwana wanu wa ku London. Akayang'ana madenga a kumeneko aona mapanelo ambiri ataloza kummwera, ndipo mavidiyo ambiri a pa YouTube opangidwa ku Ulaya ndi ku America amalangiza zomwezo. Iwo akulondola kwawoko, chifukwa ikweta ili kummwera kwawo. Lamulo lake ndi limodzi: panelo liyang'ane kumene kuli ikweta. Akakuimbirani kuti mnyamatayo walakwitsa, muwafotokozere zimenezi modekha, poti ndalama ndi zawo.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri kuposa mkangano wa kummawa ndi mitengo. Pafupifupi khomo lililonse ku Mufakose, ku Highfield kapena ku Mabvuku lili ndi mtengo wa mapeyala kapena wa mango, ndipo amene anaubzala nthawi zambiri ndi agogo amene anachokera kumudzi, moti kuudula ndi mlandu wa banja lonse. Ngati mtengowo uli kumpoto kwa nyumba, mu Disembala mthunzi wake umagwera pansi pake pomwepo ndipo denga limaoneka loyera. Ikafika Juni mthunziwo umatalika n'kukwera padenga. Ndinaonapo nyumba ina imene anaika mapanelo asanu ndi limodzi nthawi ya Khirisimasi, zonse zikuyenda bwino, koma pofika Meyi batire silinkadzazanso. Eni ake anayamba kutukwana amene anawagulitsa batire, chonsecho vuto linali nthambi ziwiri za peyala zimene zinkaphimba panelo limodzi kuyambira 11 koloko. Mapanelo akalumikizidwa mondondozana, limodzi likaphimbika limabweza anzake onse m'mbuyo. Mnyamata wanuyo mumufunse kuti mthunzi wa mu Juni udzafika pati. Akayankha mosadodoma, ndiye kuti ntchito amaidziwa.

Mdzukulu wanu akhoza kufunsanso kuti, ngati tili pafupi chonchi ndi ikweta, bwanji kumazizira mpaka kuona nthunzi ikutuluka m'kamwa? Apa m'pamene pamalowa chinthu chachiwiri, kukwera kwa malo. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 ndi theka pa mamita 1,000 alionse amene wakwera. N'chifukwa chake usiku wa mu Juni ndi Julayi kuno umatsika mpaka cha m'ma madigiri 7, masiku ena kutsikirapo mpaka udzu wa m'madambo kuyera ndi chisanu, pamene ku Kariba, kumene nyanja ili pa mamita osafika 500, anthu amagona ndi nsalu yopyapyala. Kumudzi n'chimodzimodzi. Munthu wa ku Dedza ndi wa ku Nsanje ali m'dziko limodzi, koma wina amagona ndi mabulangete awiri, mnzake akupukuta thukuta. Kusowa kwa mitambo kumawonjezera: usiku wopanda mitambo uli ngati mphika wosavundikira, kutentha konse kwa masana kumathawira kumwamba.

Kuzizira kumeneku kwa sola ndi mwayi. Panelo limadya kuwala, osati kutentha, ndipo likatentha kwambiri mphamvu yake imatsika. Tsiku la mu Julayi lopanda mtambo, kamphepo kakuwomba, limapatsa magetsi abwino kuposa mmene anthu amaganizira.

Mabuku a kusukulu amatchula nyengo zinayi za ku Ulaya, ndipo ana amaziloweza osaziona. Zathu n'zina, ndipo makolo anazitchula potengera mvula ndi munda. Dzinja ndi nthawi ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Malichi, pamene Harare imalandira pafupifupi mvula yake yonse ya pachaka, mamilimita cha m'ma 800. Kenako masika, nthawi yokolola. Kenako miyezi ya chisanu. Kenako chilimwe, chimene anzathu a Chishona amati chirimo, pamene misasa imaphuka masamba ofiira ndipo majakaranda amakuta misewu ya m'tauni ndi maluwa. Mumuchenjeze mdzukuluyo kuti asamasulire winter kuti dzinja, monga ena amachitira. Dzinja lathu ndi lofunda ndi lonyowa.

Mwezi wotentha kwambiri kuno ndi Okutobala, osati Disembala, ngakhale usana wa mu Disembala ndi wautali. Chifukwa chake ndi mitambo. Mu Okutobala dzuwa layandikira paliwombo, nthaka ndi youma, kumwamba kulibe chotchinga. Kutentha kumeneko ndi kumene kumaitana mvula. Pali lamba wa mitambo wozungulira dziko, pamene mphepo zochokera kumpoto ndi kummwera zimakumana n'kukwera m'mwamba, ndipo lambayu amatsatira dzuwa m'mbuyo, mochedwerapo milungu ingapo. M'mabuku amalembedwa kuti ITCZ. Akatsikira kwathu, chizimalupsa chimagwa, kenako mvula yobzalira. Akabwerera kumpoto mu Malichi ndi Epulo, mvula yatha. Mawawa ozizira aja a miyezi yachisanu, amene kuno amati guti, ndi ena: amabwera ndi mphepo yonyowa yochokera ku nyanja ya Indian Ocean, chakummwera kwa kummawa. Ndi omwewo amene ku Mulanje ndi ku Thyolo amati chiperoni, dzina lochokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique.

Nanga zonsezi zikukhudzana bwanji ndi kuzimazima kumene kwakutopetsani? Gawo lina lalikulu la magetsi a dziko lino limachokera ku damu la Kariba, limene linamalizidwa mu 1959 pa mtsinje wa Zambezi. Makina a mbali ya Zimbabwe akhoza kupanga mamegawati 1,050 madzi akakhalapo okwanira. Koma madzi ambiri amene amadzaza Kariba si a mvula imene imagwa pa Harare. Zambezi amayambira kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, m'boma la Ikelenge kufupi ndi Mwinilunga, n'kulowa mu Angola, n'kubwereranso mu Zambia kudutsa m'zigwa za Barotse, kumene madzi amayenda pang'onopang'ono moti pa Victoria Falls amafika pachimake cha mu Epulo, kuno mvula italeka kale. Babu la m'khitchini mwanu limayaka ndi mvula imene inagwa miyezi yapitayo pa midzi imene simunaionepo. Kumapeto kwa Novembala 2022, bungwe la Zambezi River Authority, limene limayang'anira damulo m'malo mwa Zambia ndi Zimbabwe, linalamula kuti mbali ya Zimbabwe isiye kupanga magetsi chifukwa madzi amene inapatsidwa chaka chimenecho anali atatha, ndipo mukukumbukira mmene tinkadzukira pakati pa usiku kusita zovala. Chilala cha 2024, chimene chinabwera ndi El Niño, kufunda kwa madzi a nyanja ya Pacific kumene kumasokoneza mvula, chinabwerezanso nkhani yomweyo.

Abale athu kumudzi ali m'bwato lomweli, kungosiyana mtsinje. Magetsi ambiri a Malawi amachokera pa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Kumeneko vuto linabwerapo mwa njira ina: mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Madzi akachepa ndi vuto, akachuluka ndi vutonso. N'chifukwa chake minda ya mapanelo ngati wa ku Salima wa mamegawati 60 ndi wa ku Golomoti wa mamegawati 20 ili yofunika.

Madzi ndi dzuwa zonse zimatchedwa mphamvu zobwereranso, kusiyana ndi malasha a ku Hwange amene ukawotcha apita. Koma kubwereranso sikutanthauza kuti zimapezeka nthawi iliyonse imene wazifuna. Madzi amadikira dzinja, dzuwa limadikira kucha. Ubwino wake ndi wakuti ziwirizi zimalandizana: chaka cha chilala, pamene Kariba waphwa ndipo magetsi akuzima maola ambiri, ndi chaka chomwecho chimene kumwamba kumakhala koyera ndipo mapanelo anu akudya mokwanira. Za mphepo ndingodutsapo, chifukwa pa Harare siwomba mwamphamvu ndi mosalekeza moti munthu n'kuikirapo ndalama pakhomo.

Muyembekezere kuti masabata ovuta adzakhala a Januwale ndi Febuluwale, mvula ikamagwa masiku atatu osalekeza, ndi masiku a guti. Walira mvula walira matope. Pa tsiku loyera, panelo la mawati 400 limapereka pakati pa yuniti imodzi ndi theka ndi mayuniti awiri, mayuniti omwe aja mumagula a mita. Kukachita mitambo yakuda likhoza kupereka osafika theka lake. Ndiye powerengera kukula kwa batire ndi invata, chipangizo chosintha magetsi a m'batire kuti agwire ntchito m'nyumba, mnyamatayo awerengere masiku oipawo, osati a Seputembala. Ntchito zodya magetsi ambiri monga kusita, kuchapa ndi makina kapena kupopa madzi muzichita masana dzuwa lili pamutu, batire lisungire mababu, firiji, TV ndi mafoni usiku. Chitofu ndi giza musazilumikize ku sola yaing'ono, zimapha batire msanga. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, fumbi ndi utsi wa lupsa zimakuta galasi, ndiye kamodzi pa milungu iwiri kapena itatu wina akwere m'mamawa galasi lisanatenthe, alitsuke ndi madzi oyera ndi kansalu kofewa.

Mdzukuluyo mumupatse ntchito iyi. Azike ndodo yowongoka pabwalo, yotalika mita imodzi kuchokera pansi, pamalo pamene sipafika mthunzi wa nyumba. Loweruka lililonse 12 koloko masana aike kamwala pamene pathera mthunzi wa ndodoyo, ayeze, alembe m'kope ndi deti lake. Kumapeto kwa Juni apeza masentimita pafupifupi 90, mthunzi utaloza kummwera. Uzifupika sabata ndi sabata mpaka pakati pa Novembala, pamene udzatsala pang'ono kusowa n'kubisala pansi pa ndodo. Pa Khirisimasi udzatulukira mbali inayo, kumpoto, masentimita 10 okha. Mayi ake akazikanso yawo ku London tsiku lomwelo la Khirisimasi, ngati dzuwa lingaoneke n'komwe, mthunzi wawo udzapitirira mamita atatu ndi theka. Bambo oyandikana nanu aja muwaitane adzagwire nawo tepi.